Pulojekiti ya AI ku yunivesite: laputopu, Colab, Raspberry Pi kapena chatbot, musankhe iti ngati kwanu ndi ku Dedza kapena ku Ntcheu?

Inu amene muli chaka chachitatu kapena chomaliza pa kosi ya kompyuta, kaya ku MUBAS, ku UNIMA ku Zomba, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuni, mukudziwa kale kuti phunziro la AI, nzeru zopangira zimene zimachititsa kompyuta kuphunzira ndi kupanga ziganizo, silikutheranso pa kuloweza manotsi. Amakuuzani kuti pezani vuto lenileni, pezani data, mangani chinthu, lembani lipoti, kenako mudzayime pamaso pa panelo chinthucho chikugwira ntchito. Kaphunzitsidwe kameneka ndi kabwino ndithu, chifukwa munthu umamvetsa zoti modelo, pulogalamu imene yaphunzira kuchokera ku data, imanama pokhapokha ukayiwona ikunama pa data yako yomwe. Ndipo zinthu zikuyenda ku Malawi kuno, MUST inatsegula senta ya AI mu 2023, ku MUBAS kuli Kuyesera AI Lab, IndabaX Malawi imachitika. Koma pali mbali ina imene m'kalasi sakamba kwambiri, yoti gawo lalikulu la ntchito mumakagwirira kunyumba pa holide, ndipo ngati kwanu ndi ku Bembeke, ku Kaphuka, ku Tsangano kapena ku Kasinje, magetsi ndi netiweki zake si za pa kampasi ayi. Ndiye musanalembe pulopozo, tiyeni tiyerekeze njira zimene ambiri amasankhapo.

Zoyang'ana musanasankhe

Choyamba mtengo, ndipo apa musangowerengera chida chokha. Werengerani bandulo, thiransipoti yopita kokatenga data, ndi funso lakuti kodi ndalamayo ikufunika m'makwacha kapena m'madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022, kenako ndi 44% mu November 2023, ndiye chilichonse cholipira m'madola chimatha kukwera pulojekiti isanathe, osanenanso za kusowa kwa foreksi kumene kumapangitsa khadi la kubanki kukana pa intaneti.

Chachiwiri kupezeka: mungachipeze pa Dedza boma kapena pa Ntcheu boma, kapena mpaka ku Lilongwe, kapena mpaka kuyitanitsa kunja? Nanga data yake ilipo nyengo imene mukuyifuna? Chachitatu kusamalira, kutanthauza kuti chinthucho chikufuna chani kwa inu sabata ndi sabata kuti chisafe kufikira tsiku la difensi. Chachinayi zowopsa, zimene zingakugwetseni. Ndipo pansi pa zonsezi pali funso limene panelo idzakufunsani basi, kaya mufune kaya musafune: "pa zonsezi, inuyo mwapangapo chani?"

Njira yoyamba: laputopu yanu yomwe, ndi data ya m'matebulo

Apa ndikunena mapulojekiti a Python ndi scikit-learn, kapena Weka ndi Orange kwa amene khodi ikadali kuwavuta. Monga kulosera mtengo wa chimanga mwezi wamawa, kulosera ophunzira amene angasiye sukulu, kugawa nkhani za Chichewa m'magulu. Mulinso AI yakale ija imene anthu amayinyoza koma ndi yomwe imaphunzitsa kuganiza: kusaka njira yachidule ndi A*, kukonza thayimutebulo ya pa CDSS kuti mphunzitsi mmodzi asapezeke m'makalasi awiri nthawi imodzi, kapena sisitimu ya malamulo yothandiza kuzindikira matenda a mbewu.

Mtengo. Ngati laputopu muli nayo kale, palibe china chogula. Ya Core i5, RAM ya 8GB ndi SSD ikukwana bwinobwino, GPU, chipangizo chofulumizitsa kuphunzitsa mamodelo akuluakulu, sikufunika. Ya kaunjika monga ThinkPad, EliteBook kapena Latitude imagwira ntchito, bola pogula muyizule ku magetsi muwone kuti batire lake likukhala nthawi yayitali bwanji, chifukwa kumudzi batire ndi lofunika kuposa liwiro la purosesa. Bandulo mumawononga kamodzi potsitsa mapulogalamu, ndipo zimenezi pangirani pa wayifayi ya kusukulu musananyamuke.

Kupezeka. Data ilipo yambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ya mvula kuli CHIRPS, imene imayambira 1981 ndipo ndi yaulere. Mitengo ya zakudya m'misika ya Malawi ya WFP ili pa HDX, IFPRI nayo imatulutsa lipoti la msika wa chimanga mwezi ndi mwezi. Kafukufuku wa mabanja wa NSO, uja wa IHS, amapezeka pa laibulale ya data ya World Bank ukalembetsa. Pa Zindi, webusayiti ya mipikisano ya data, pali data ya nkhani za Chichewa imene inagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wogawa nkhani m'magulu, komanso ya kusefukira kwa madzi kumwera kwa Malawi pa nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019. Zonsezi mukatsitsa kamodzi mutha kugwira ntchito mwezi wonse kumudzi opanda intaneti.

Kusamalira. Nkochepa. Ikani khodi pa GitHub, malo osungira khodi pa intaneti, nthawi iliyonse mukapeza netiweki, data musunge pa fulashi ina yapadera, ndipo magetsi akazima zulani chaja, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu nkupsereza zinthu.

Zowopsa. Choyamba laputopu kubedwa kapena kufa muli ndi kope imodzi yokha ya ntchito, izi zimachitika chaka chilichonse ndipo asupavaiza anatopa nazo kumva. Chachiwiri ndi chobisika: modelo yanu itha kukhala yosaposa nzeru wamba. Pa mitengo, mwachitsanzo, yerekezani modelo yanu ndi munthu wongonena kuti mtengo wa mwezi wamawa ukhala womwewu wa mwezi uno. Mudzadabwa kuti kumuposa munthu ameneyo ndi ntchito. Komanso mitengo ya chisanafike November 2023 ndi ya pambuyo pake sizofanana chifukwa cha kugwa kwa kwacha kuja, ndiye mukangoziphatikiza osaganiza, modelo imaphunzira kukwera kwa zinthu m'malo mophunzira nyengo ya kukolola ndi ya njala. Ndipo pogawa data ya nthawi musasakanize miyezi, phunzitsani ndi zaka zakale, yesani ndi zaposachedwa. Chachitatu, pa difensi pulojekiti yotere siwoneka yochititsa chidwi, ndi magirafu basi. Koma ine ndimayikonda chifukwa wophunzira amatha kufotokoza mzere uliwonse.

Njira yachiwiri: Colab kapena Kaggle, kuphunzitsa modelo ya zithunzi

Iyi ndi imene aliyense wa kwathu kuno amathamangira, ndipo nzomveka, tili ndi mbatata ya kachewere, tomato, kabichi, ndipo chiwawu chimasautsa alimi chaka ndi chaka, pa chimanga pali ntchemberezandonda. Ndiye ganizo loti mlimi ajambule tsamba ndi foni, foni imuuze matenda, limabwera lokha.

Mtengo. Colab ndi Kaggle ndi mawebusayiti amene mumayendetsera khodi yanu pa makompyuta awo kudzera pa intaneti. Colab yaulere imakupatsani GPU ya T4 ikakhalapo, Kaggle imapereka maola pafupifupi 30 a GPU pa sabata ukatsimikizira nambala ya foni. Pa pulojekiti ya digiri yoyamba zimenezi ndi zokwana, musavutike ndi Colab Pro ya madola. Nkhani ya bandulo ili chonchi, ndipo ambiri sayidziwa: mukatsitsa data yayikulu muli mkati mwa Colab, imayenda kuchoka pa seva ina kupita pa seva ya Google, siyidutsa pa foni yanu, ndiye bandulo yanu siyikhudzidwa kwenikweni. Chimene chimadya bandulo ndi kukweza zithunzi zanu. Ndiye zichepetseni kaye pa laputopu, modelo ngati MobileNet imangofuna chithunzi cha mapikiselo 224 mbali zonse, palibe chifukwa chokwezera zithunzi za ma MB anayi chimodzi. Ndalama yeniyeni ipita ku kabaza ndi minibasi zopita m'minda.

Kupezeka. Pamafunika netiweki yokhazikika, ndiye ngati kwanu imachita kusakidwa pachulu, konzekerani kumapita pa boma kapena pa Lizulu tsiku lophunzitsa modelo. Apa Kaggle ikuposa Colab pa chinthu chimodzi chachikulu: mukadina Save & Run All, notibuku, fayilo ya khodi yanu, imapitiriza yokha kuseri ngakhale mutatseka laputopu, magetsi atazima, mudzapeza zotsatira mawa. Colab yaulere ikawona kuti mwasowa imakudulani, ndipo ngakhale mutakhalapo siyipitirira maola 12.

Koma kupezeka kwa data ndi kumene kuli nkhani. Pa intaneti pali PlantVillage, zithunzi zoposa 54,000 m'magulu 38, mbatata, tomato ndi chimanga zilimo. Aliyense amayambira pamenepo ndipo modelo imafika 99% mosavuta. Vuto ndi lakuti zithunzi zimenezo ndi za tsamba limodzi lothyoledwa, loyikidwa pamalo oyera bwino. Ofufuza amene anayesa data imeneyi mu 2016 anapeza kupitirira 99% pa zithunzi za mtundu womwewo, koma atayesa pa zithunzi zojambulidwa malo ena zinagwa kufika pafupifupi 31%. Ndiye taganizani chithunzi cha m'munda wa ku Tsangano, muli dothi, udzu, mthunzi wa wojambula, masamba opiringizana, foni yake ya itel. Popanda zithunzi zanu za m'munda weniweni, pulojekitiyi ndi yongobwereza zimene anzanu masauzande anapanga kale. Ndipo chiwawu chimakonda nyengo ya mvula, kukamazizira ndi chinyezi, ndiye yang'anani kalendala ya sukulu: ngati nthawi yanu yotolera data ikugwera mu September kapena October, masamba odwala mudzachita kuwasaka m'madimba. Zithunzizo pafunikanso wodziwa azilembe kuti ichi ndi chani, chifukwa kusiyanitsa mitundu ya chiwawu ndi kusowa kwa chakudya m'nthaka ndi maso a wophunzira kompyuta nkovuta. Kambiranani ndi alangizi a ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya kwanu, kapena a ku siteshoni ya kafukufuku wa ulimi ku Bembeke, mwaulemu, ndi kalata ya kusukulu m'manja.

Kusamalira. Sungani modelo pa Google Drive pakapita ma epoch angapo (epoch ndi kudutsa kamodzi pa data yonse), kuti ikadula muyambire pomwe inalekezera, koma kumbukirani kuti Drive yaulere ndi 15GB yogawana ndi Gmail ndi zithunzi zanu zina. Colab imasinthanso ma veshoni a TensorFlow ndi PyTorch osakufunsani, khodi imene inkayenda mu March itha kukana mu August, ndiye lembani ma veshoni amene mukugwiritsa ntchito mu fayilo ya requirements.txt.

Zowopsa. Chachikulu ndi ichi: mwajambula tsamba limodzi kasanu, zithunzi zinayi zapita kophunzitsira, chimodzi koyesera, modelo yakhoza, inu nkumasangalala. Imeneyo sinaphunzire matenda, yaloweza tsambalo. Gawani data potengera munda, minda ina yophunzitsira, minda ina yoyesera imene modelo sinayiwonepo. Nambala idzatsika, mwina kwambiri, koma imeneyo ndiye yoona, ndipo lekichala wodziwa ntchito amalemekeza 78% yofotokozeka kuposa 99% yokayikitsa. China, musadalire Colab pa tsiku la difensi. Sinthani modelo ikhale ya TensorFlow Lite, iyende pa foni ya Android popanda intaneti, zimenenso ndi zomwe mlimi angafune.

Njira yachitatu: zida zogwirika, Arduino, ESP32, Raspberry Pi

Awa ndi mabolodi, timakompyuta ting'onoting'ono tolumikiza ku masensa, opangira zinthu monga kuthirira kwa m'dimba kodziyendetsa kokha, kachida koyeza chinyezi mosungira mbatata, kamera yowerenga magalimoto pa M1. Izi pa difensi zimakoma, anthu amadzuka m'mipando kudzawona.

Mtengo. Iyi ndiye yodula pa zonse. Raspberry Pi 4 inatuluka mu 2019 kuyambira madola 35, Pi 5 mu 2023 kuyambira madola 60, koma imeneyo ndi mitengo ya kunja ya bolodi yokha. Onjezani chaja yake yeniyeni, pakuti Pi 4 imafuna 5V 3A ndipo chaja wamba ya foni imayipangitsa kumangozima, memori khadi, kamera, masensa, mawaya, kutumiza ndi msonkho wa MRA. ESP32 ndi yotchipa kwambiri ndipo ili kale ndi wayifayi. Chilichonse chimene mukugula, masensa gulani awiriawiri.

Kupezeka. Pa Dedza boma ndi pa Ntcheu boma mupeza mawaya, mabatire, masola, koma mabolodi ndi masensa konzekerani Lilongwe, Blantyre kapena kuyitanitsa kunja, ndipo katundu wa kunja amatenga masabata. Funsani kaye kudipatimenti ngati ali ndi zobwereketsa, komanso amene anamaliza chaka chatha, ambiri zida zawo zangokhala m'katoni.

Kusamalira. Apa ndi pamene pali ntchito. Pi magetsi akazima mwadzidzidzi ikulemba, memori khadi imatha kuwonongeka, ndiye khalani ndi khadi ina yokopera kale ndipo muyidyetse kudzera pa batire. Masensa a chinyezi cha nthaka otchipa aja a timiyendo tiwiri tachitsulo amachita dzimbiri msanga m'dothi lonyowa, tengani a mtundu wa capacitive. Sensa ya DHT11 siyiwerenga bwino chinyezi chikakwera kwambiri, ndipo ku Dedza ndi nkhungu ya m'mamawa ija chimakwera ndithu, DHT22 ndiye bola. Ngati mukutumiza SMS ndi SIM800L dziwani kuti imakoka mpaka 2A ikamalumikiza netiweki, ambiri amaganiza kuti khodi yalakwika pomwe ndi magetsi akuchepa. Ndiye pali mvula, nyerere, mbuzi, ana achidwi ndi akuba sola. Chida chosiyidwa kumunda chimafuna munthu wochiyendera.

Zowopsa. Kupsereza bolodi sabata yomaliza, makamaka Pi imene mapini ake ndi a 3.3V, mukalowetsa 5V basi mwayiwononga. Koma chowopsa kwambiri ndi funso la panelo: "AI ili pati apa?" Ngati sisitimu yanu ikungoti chinyezi chikatsika pansi pa nambala yakuti pampu iyake, imeneyo ndi if ndi else, ndi ntchito yabwino ya zamagetsi koma si AI. Pafunika pakhale kuphunzira kuchokera ku data kapena kulosera, monga kugwiritsa ntchito zimene masensa awerenga masabata apitawa kuti mudziwe kuti dothi liwuma liti. Zimenezi zikutanthauza kuti chida chiyambe kutolera data miyezi ingapo difensi isanafike, osati kuchilumikiza usiku womaliza. Ndipo musayembekeze kuyika modelo pa Arduino Uno, ili ndi RAM ya 2KB yokha. ESP32 ili ndi 520KB, timamodelo tating'ono ta TinyML timakwana, Edge Impulse imathandiza pamenepo. Kuphunzitsa modelo kumachitikabe pa laputopu kapena pa Colab, chidacho ndi chongoyendetsera.

Njira yachinayi: chatbot yodalira API ya ChatGPT, Gemini ndi anzawo

Mlangizi wa pa WhatsApp woyankha m'Chichewa, wotumiza mafunso ku modelo ya kampani kudzera pa API, khomo limene pulogalamu yanu imalankhulira ndi yawo. Aliyense akufuna kupanga ameneyu masiku ano, ndipo pa Loweruka limodzi amakhala atayamba kuyankha.

Mtengo. Poyamba umawoneka wochepa, koma ndi wa madola ndipo amawerengera ma token, tizidutswa ta mawu timene modelo imawerenga. Mawu a Chichewa amadulidwa tizidutswa tambiri kuposa a Chingerezi, mawu amodzi ngati "sindinakawafotokozere" amasanduka ma token angapo, ndiye funso lomwelo m'Chichewa mumalipira zambiri. Zaulere zilipo koma malire ake amasinthasintha. Azure for Students imapereka madola 100 osafuna khadi la kubanki ngati muli ndi imelo ya kusukulu, ndipo GitHub Student Developer Pack nayo ndi yofunika kulembetsa.

Kupezeka. Popanda intaneti palibe chimene chikuyenda, kwa inu ngakhale kwa mlimi. Kuyendetsa modelo yaying'ono pa laputopu ndi Ollama nkotheka, koma pa RAM ya 8GB imayenda pang'onopang'ono ndipo Chichewa chake chimakhala chophotchoka. Ngati mukuganiza zoti mlimi azilankhula m'malo molemba, Whisper, modelo yosandutsa zolankhula kukhala zolembedwa, ilibe Chichewa pa zilankhulo zake. Pa kumasulira, NLLB-200 ya Meta ya 2022 ili nacho, Google Translate inachiyika mu 2014, koma pa mawu a ulimi ndi a zaumoyo zimaphonya.

Kusamalira. Makampani amapumitsa mamodelo akale, ndiye imene munayesa nayo mu semesita yoyamba itha kusapezeka mu yachiwiri, zotsatira za mu lipoti lanu osabwerezekanso. Lembani dzina lenileni la modelo ndi tsiku limene munayesa, mayankho onse musunge. Ndipo kiyi ya API musayiyike pa GitHub, pali maroboti amene ntchito yawo ndi kusaka makiyi otayika, mudzadzuka ndalama zatha.

Zowopsa. Modelo zimenezi zimayankha molimba mtima ngakhale zikunama. Chatbot ikamuuza mlimi mulingo wolakwika wa mankhwala opopera tomato, si nkhani ya magiredi chabe. Mukamasunga manambala a foni ndi mauthenga a anthu, kumbukirani kuti Malawi ili ndi lamulo loteteza data la 2024 limene MACRA imayang'anira, ndipo kusukulu kwanu kuli komiti yowona za kafukufuku wokhudza anthu, chilolezo chake chimatenga nthawi, pemphani msanga. Koma chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi kuphunzira. Kungolumikiza API ndi WhatsApp nkulemba dzina lanu pachikuto kuli ngati kugula thumba la mbatata pa Lizulu nkukafika nalo ku Lilongwe mukuti mwalima nokha. Kuti ikhale pulojekiti, ntchito yanu ikhale pa kuyesa: sonkhanitsani mafunso enieni a alimi, mwina 100 kapena 200, mayankho olondola atsimikize alangizi, ndiye muyerekeze modelo ikamayankha yokha, ikapatsidwa zolemba za ulimi zoti iwerengemo, ndi ikafunsidwa kudzera m'Chingerezi chomasuliridwa. Onetsani pamene ikulakwa ndi chifukwa chake. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni, ndipo m'Chichewa ndi ochepa amene ayichita.

Njira yachisanu: labu ya kusukulu

Iyi sindichedwapo. Mtengo munalipira kale mu fizi. Kupezeka kwake ndi pa kampasi basi, nthawi imene yatsegulidwa, ndipo kumapeto kwa semesita aliyense amakhala komweko. Intaneti ya kusukulu ndi malo abwino otsitsira zinthu zolemera, PyTorch ya GPU yokha imapitirira 2GB. Kusamalira si kwanu, koma ndiye kuti simungayikenso pulogalamu iliyonse mmene mwafunira, ndipo makompyuta a anthu ambiri amafufutidwa nthawi ina iliyonse, musasiyepo kope yokhayo ya ntchito. Chowopsa ndi sukulu kutsekedwa mwadzidzidzi kapena kalendala kusintha inu zonse zili pa kompyuta ya mu labu. Itengeni ngati yothandizira njira zinazo.

Ndiye ndani atenge iti?

Ngati kwanu kulibe magetsi odalirika, netiweki ndi yosaka, ndalama ndi ya loni yomweyo, tengani njira yoyamba ndipo musadzione otsika. Tsitsani data ndi mapulogalamu muli pa kampasi, kagwireni ntchito kumudzi ndi sola kapena kotchajitsa pa tirading'i senta.

Ngati makolo kapena achibale amalima mbatata kapena tomato, ndipo holide yanu ikugwera nthawi ya mvula, njira yachiwiri ndi yanu, chifukwa muli ndi chinthu chimene mnzanu wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa alibe, minda yoti mulowemo ndi alimi okudziwani. Zithunzi mazana angapo zolembedwa bwino, zochokera m'minda yosiyanasiyana, kuphatikiza ndi modelo yophunzitsidwa kale ngati MobileNet, ndi zokwana. Phunzitsirani pa Kaggle ngati magetsi ndi ovuta. Koma ngati kalendala sikugwirizana ndi nyengo ya matenda, sinthani mbewu kapena sinthani mutu pulopozo isanavomerezedwe.

Zida zogwirika zisiyireni a gulu la anthu atatu kapena anayi oti musonkherane, ndipo mmodzi akhale woti anagwirapo zamagetsi, winanso akhale pafupi ndi munda woti aziyendera. Ngati muli nokha ndipo kwatsala semesita imodzi, musayambe.

Chatbot itengeni ngati Chichewa chanu ndi chakuya, muli ndi alangizi kapena anamwino ovomera kuwunika mayankho, ndipo asupavaiza agwirizana nanu kuti chimene adzachonge ndi kuyesa kuja osati kukongola kwa apu. Ngati cholinga ndi kungothawa masamu, pa difensi adzakupezani.

Kwa alekichala amene muli ndi kalasi yayikulu ndi zida zochepa, musayambe ndi kuwuza aliyense kuti asankhe mutu wake. Mapulojekiti a Pac-Man a kosi ya CS188 ya ku Berkeley ali pa intaneti mwaulere, amaphunzitsa kusaka, masewero a otsutsana ndi reinforcement learning (kuphunzira poyesa ndi kulandira mphotho) pa laputopu wamba, ndipo ali ndi pulogalamu yochongera yokha, CS50 AI ya Harvard nayonso ili ndi mapulojekiti a Python otere. Mayankho ake ali mbwee pa GitHub, ndiye kuchonga kwenikweni kukhale kwa pakamwa, wophunzira asinthe khodi yake inu mukuwona. Pakati pa semesita tsegulani mpikisano wa kalasi pa Kaggle, ndi waulere, ndi data imene ophunzira atolera okha m'maboma akwawo, aliyense abweretse gawo lake ndipo data yoyesera musunge inu. Mitu yodzisankhira ibwere kumapeto, ndipo pa fomu ya pulopozo onjezanipo mizere iwiri yoti wophunzira alembe kumene adzakhale pa holide ndi mwezi umene adzatolere data.